GIYA IKAMADUMPHA, WOLIRA NDI WAGENI

Inu amene mumapikula mtedza, chimanga ndi tomato ku Nambuma n'kukagulitsa m'misika ya mu Lilongwe, lole ya Bedford mukuidziwa, ija ya mphuno yaitali imene anyamata amaiseka kuti ndi gogo. Ine sindiiseka. Dzinja likafika, misewu ya m'midzi itasanduka phala, gogo yemweyo ndiye amatulutsa matumba anu. Koma ali ndi nthenda yake: giyabokosi.

Malole a mphunowa, a mtundu wa TJ, adayamba kupangidwa ku England mu 1958. Mu 1987 General Motors idagulitsa fakitale yake ya ku Dunstable kwa kampani ya AWD, nayonso n'kugwa mu 1992. Ndiye musadabwe kuti sipeya yatsopano ndi ya apo ndi apo. Makaniko amakasaka chitsulo ku Biwi, pa lole inzake imene idafa kalekale.

Chomwe ndachiona n'chakuti giyabokosi siifa mwadzidzidzi ayi, imayamba yadandaula. Ikamalira ngati chigayo, maberingi atha. Dalaivala akamalowetsa giya n'kumamveka kukukuta mano, mwina kilatchi siikumasula bwino, mwina mphete zamkuwa zija amati synchro zaperepeseka. Choopsa zedi ndi giya yodumpha yokha: mano ogwirana adyeka, kapena foloko yokankha giya yapindika. Taganizani itadumpha pamtsetse wolowera kudambo, lole itasenza, amayi atakhala pamwamba pa matumba!

Kukonza kwake si kwa phuma. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wakhuthula oyilo n'kumupekesa ndi zala; akapezamo tizitsulo tonyezimira, basi, bokosi litsike. Amamasula puropushafiti, n'kuchirikiza bokosilo ndi jeke kapena tcheni, poti kulemera kwake kungathyole munthu mwendo. Akalitsegula amatsuka zonse ndi palafini n'kuyala pa saka mwa ndondomeko yake, beringi pano, washala apo, chifukwa kawashala kamodzi kakalowa posayenera ntchito yonse yapita m'madzi. Dzino lililonse amaliyang'ana ngati mayi akusankha mtedza wambewu.

Apa ndi pamene chinyengo chimalowera. Mwini lole wina akamva mtengo amalamula kuti dzino lothyoka lingowotcheredwa, beringi yakale ibwerere. Wina amathiramo oyilo wakutha wochokera mu injini m'malo mwa oyilo wa giya. Lole imadzuka ndithu, iyenda sabata ziwiri, kenako ikagona pathengo ndi tomato wanu. Ndalama ya hayala mwalipira kale, ndipo ndani angakubwezereni mabasiketi oola? Bokosi likatsika, nzeru n'kusinthiratu masilo a oyilo ndi kuona kilatchi, poti kulitsitsanso kachiwiri ndi ndalama zina.

Koma tisanamizane, abale anga, inunso mulimo. Amene amakakamira kondakitala kuti akweze matumba ena khumi lole itadzaza kale ndi ndani? Ikatitimira m'matope, dalaivala amaimenya giya wani ndi livesi mosinthanasinthana, katundu yense ali pamsana, ndipo mano amathyoka pomwepo.

Tsono musanakweze katundu, suzumirani pansi pa lole ngati pakudontha oyilo. Mukanyamuka, ponyani diso kwa dalaivala. Mukaona dzanja lake silikuchoka pa ndodo ya giya, akuikanikiza kuti isadumphe, muuzeni aime pomwepo mutsitse matumba anu.