Lupu ya mahomoni: nanga magazi a msambo amapita kuti?

Funso limene ndimalimva kwambiri kwa amayi anzanga kuno ku Maselema, kaya ku banki m'khonde kaya pamzere wa sikelo, ndi lakuti: "Munthu akasiya kusamba chifukwa cha lupu, magaziwo amapita kuti?" Ena amati amaundana m'mimba n'kusanduka chotupa. Manthawa ndi amene amachititsa mayi kutenga pathupi pena mwana asanayambe n'kuyenda komwe.

Malupu alipo a mitundu iwiri. Ya kopa, imene ambiri tinaizolowera, ilibe mankhwala ndipo imatha kuchulukitsa msambo. Inayo ndi kapulasitiki kooneka ngati chilembo cha T, kokhala ndi homoni yotchedwa levonorgestrel, yomwenso ili mu Jadelle wa pamkono. Inayamba kugwiritsidwa ntchito ku Finland mu 1990, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linaiika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Namwino akaiika m'chiberekero, homoniyo imatuluka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Imalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu ya abambo ilephere kudutsa. Imachititsanso kuti khungu la m'kati mwa chiberekero likhale lopyapyala.

Yankho la funso lija lagona pamenepa. Msambo ndi khungu lomwelo, limene limakula mwezi uliwonse kukonzekera mimba, kenako n'kuyoyoka. Likapanda kukula, choti chituluke chimachepa, mwinanso osakhalapo. Munda umene sunamere udzu sufuna kupalira. Palibe magazi amene akubisala, ndipo n'chifukwa chake madokotala amaperekanso lupuyi kwa amayi otaya magazi ambiri posamba.

Zovuta zake ndisabise. Poika pamapweteka, ndipo miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira magazi amatha kumadontha mosayembekezereka. Siiteteza ku HIV ngakhale matenda ena opatsirana pogonana. Apo mpofunika kondomu. Koma mwa amayi 100 oigwiritsa ntchito chaka chathunthu, otenga pathupi safika ndi mmodzi yemwe. Imagwira ntchito zaka zosachepera zisanu, ndipo ikachotsedwa mayi atha kuima posakhalitsa.

Amayi anzanga, ndinunso abambo, musasankhe njira yolerera potengera mphekesera za pamjigo. Pitani limodzi ku chipatala cha boma ku Limbe, Ndirande kapena Bangwe, ngakhalenso ku Banja La Mtsogolo, mukafunse za malupu awiriwa ndi umene ungakuyanjeni. Safunsa anadya phula.