Chituruki: Chilankhulo Chomwe Chimayambira Kumene Ife Timamalizira

Ana a mumzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey, akanyamula zikwama zawo m'mawa amati: Okula gidiyoruz. Ndi mawu awiri okha, ndipo akutanthauza kuti "tikupita kusukulu". Tiyeni tiwamasule ngati mikanda, umodziumodzi.

Okul ndi sukulu. Kachidutswa ka -a kali kumapetoko ndiye "ku" wathu uja. Ife timati ku-sukulu, iwo amati sukulu-ku!

Tsopano yang'anitsitsani mneniyu: gid-iyor-uz. Gid- ndi "pita". Kenako -iyor akutiuza kuti zikuchitika panopa, ndipo -uz ndi "ife". Lembani ti-ku-pita papepala, muwerenge zidutswazo kuchokera kumanja: pita-ku-ti. Mwaona? Zagwirizana ndendende ndi Chituruki. Ngakhale chiganizo chonsecho n'chotembenuka, chifukwa kwa iwo mneni amakonda kukhala kumapeto. Wophunzira wochenjera amathamangira kumapeto kwa chiganizo, n'kupeza amene akuchita ndi zimene akuchita, kenako n'kubwerera m'mbuyo.

Mawu awo amatalika mosavuta. Ev ndi nyumba imodzi, evler ndi nyumba zambiri, evlerimiz ndi nyumba zathu, ndipo evlerimizde ndi "m'nyumba zathu".

Koma nachi chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Nyumba zambiri ndi evler, pomwe masukulu ndi okullar. Bwanji osati okuller? Chifukwa malembo a liwu amamverana. Ev ali ndi e, choncho amaitana -ler. Okul ali ndi u, ndiye amafuna -lar. "Kunyumba" ndi eve, koma "kusukulu" ndi okula. Inu zimenezi mumazichita tsiku lililonse osaganizira n'komwe: mumati kulembera, koma kugulira. Palibe mwana amene amanena kuti "ndigulereni buku", khutu limakana lokha.

Kuwerenga kwake sikoopsa. Kuyambira mu 1928, pa nthawi ya mtsogoleri wawo Mustafa Kemal Atatürk, anthu a ku Turkey anasiya zilembo zachiarabu n'kuyamba kugwiritsa ntchito zofanana ndi zathuzi. Ali ndi zilembo 29, ndipo malembo a liwu alipo 8, pomwe ife tili ndi asanu. Samalani ndi i: alipo wa kadontho, aliponso wopanda kadontho (ı), ndipo amamveka mosiyana.

Tsopano yesani nokha. Gel- ndi "bwera". Nanga ana a ku Istanbul aja akaweruka n'kuuza amayi awo pafoni kuti Eve geliyoruz, akutanthauza chiyani?