Maukwati a Makampani Aakulu ndi Thumba la Mbewu la Mlimi

Tsiku lina mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kuda chakum'mawa, ndinaima m'sitolo ya zipangizo zaulimi pamodzi ndi mkulu wina wa imvi, amene atadziwa kuti ntchito yanga ndi yoyesa mbewu ndi kuwerenga kuti pa njere 100 zamera zingati, ananyamula matumba awiri a chimanga, lina la Pannar lina la Pioneer, nandifunsa mwaulemu kuti: "Bambo mlangizi, pa awiriwa wokhulupirika ndani?" Ndinawayankha za masiku okhwimira ndi za kulimba kwa njere pokonola, monga iyenera ntchito yanga, koma chimene sindinawauze, ndipo ndaona kuti n'chanzeru ndichilembe lero, n'chakuti matumba onse awiriwo, angakhale mayina ndi zizindikiro zake n'zosiyana, atuluka m'nyumba ya mwini mmodzi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire pamene mankhwala ndi mbewu zinakumanira. M'chaka cha 1974 kampani ya Monsanto, ya mumzinda wa St. Louis ku America, inayamba kugulitsa mankhwala opha udzu otchedwa Roundup, amene sasankha pakati pa namsongole ndi tirigu, koma amapha chomera chilichonse chobiriwira. Pamene khoti lalikulu la dziko lija linagamula mu 1980 kuti chamoyo chimene munthu wachisintha chibadwa chingathe kulembedwa umwini monga makina, eni mankhwala anapenya kutali. Ndipo pofika 1996 Monsanto inatulutsa soya wosinthidwa chibadwa, amene ukamupopera Roundup udzu umafa koma iye n'kutsala chilili. Kuyambira pamenepo wogula mbewuyo anayenera kugulanso mankhwala ake, ndipo wogulitsa mankhwala anazindikira kuti popanda mbewu m'manja mwake, malonda ake ali ngati denga lopanda mzati.

Apa ndi pamene panayambira kumezana kofanana ndi kwa ng'ombe za m'maloto a Farao. Monsanto inagula DeKalb mu 1998, ndipo ndiko kumene kwachokera zilembo za DK zimene tiziona pa matumba athu. DuPont inatenga Pioneer yense mu 1999. Syngenta inabadwa mu 2000 pamene Novartis ndi AstraZeneca anaphatikiza nthambi zawo zaulimi. Tisayese kuti izi zinathera kutsidya kwa nyanja, pakuti kampani yathu ya National Seed Company of Malawi, imene inkachulukitsa MH17 ndi MH18, chimanga cholimba njere chimene akatswiri athu anachipanga ku Chitedze, inali kale m'manja mwa Cargill, ndipo pamene Cargill inagulitsa malonda ake a mbewu a kunja kwa America kwa Monsanto mu 1998, nayonso inapita nawo monga mwana atsata amake ku chitengwa. Mu 2013 Pannar ya ku South Africa inalowa m'nyumba ya DuPont Pioneer, ndipo chaka chomwecho Syngenta inagula MRI ya ku Zambia.

Pofika 2015 panatsala akuluakulu asanu ndi mmodzi: Monsanto, DuPont, Dow, Syngenta, Bayer ndi BASF. Koma popeza mitengo ya chimanga ndi soya inali itagwa pa msika wa dziko lonse, popezanso udzu wina unali utazolowera Roundup osafanso, ndipo kutulutsa mankhwala atsopano kumadya zaka zoposa 10 ndi chuma chosasimbika, eni masheya anayamba kukakamiza kuti nyumba ziphatikizidwe. Dow ndi DuPont anamanga ukwati mu 2017, ndipo nthambi yawo yaulimi inadzaima payokha mu 2019 ndi dzina la Corteva. ChemChina, kampani ya boma la China, inagula Syngenta mu 2017 pa madola mabiliyoni 43. Bayer ya ku Germany inatsiriza kugula Monsanto mu Juni 2018 pa madola mabiliyoni 63, ndipo dzina lakalelo inalikwirira.

Ukwati wopanda ankhoswe sukhala ukwati, ndipo ankhoswe a maukwati otere ndi mabungwe oona za mpikisano pa malonda, monga a ku Brussels, a ku Washington, ndi nthambi ya COMESA yoona za mpikisano imene likulu lake lili ku Lilongwe komweku. A ku Brussels ndi a ku Washington analamula Bayer kuti itule katundu wina isanalowe m'nyumba, ndipo mbewu zake za thonje, soya ndi ndiwo zamasamba, pamodzi ndi mankhwala a Liberty, zinagulidwa ndi BASF. Chotero ankhoswe anachepetsa mtolo wa wamkulu mmodzi posenzetsa wamkulu mnzake, ndipo lero anayi otsalawo, Bayer, Corteva, Syngenta ndi BASF, agwira pafupifupi theka la malonda onse a mbewu pa dziko lapansi, ndi kuposa theka la malonda a mankhwala a m'munda. Komabe wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: patangopita miyezi iwiri Bayer itagula Monsanto, khoti la ku San Francisco linapatsa chipukutamisozi munthu wodwala khansa amene ankapopera Roundup pa ntchito yake, milandu ina inatsatira miyandamiyanda, ndipo mu 2020 Bayer inavomera kulipira madola mabiliyoni oposa 10, ngakhale imakanabe kuti mankhwalawo ndiwo adwalitsa anthu.

Tsono ndichotse chisokonezo chimene ndachimva m'midzi yambiri. Chimanga cha haibulidi si chimanga chosinthidwa chibadwa. Haibulidi ndi mwana wa makolo awiri osankhika, amene timawadzala m'mizere yoyandikana ndi kuthyola ngayaye za mzere waukazi kuti mungu uchokere kwa mwamuna yekha. Ndipo mukabzalanso njere zake zokolola zimatsika chifukwa adzukulu amabalalika maonekedwe, osati chifukwa wina anathiramo matsenga. Kusintha chibadwa ndi ntchito ina, yotenga kachidutswa ka chibadwa cha chamoyo china n'kukalowetsa m'chomera, monga thonje la Bt limene limapha mbozi yolidya. Ine sindiopa nzeru imeneyi payokha. Chimene chindidetsa nkhawa ndi kuchepa kwa eni ake, pakuti pamene ogulitsa ali anayi mtengo sutsika msanga, ndipo kafukufuku amatsata mbewu za ndalama zambiri, kusiya mapira, mawere, nzama ndi khobwe ngati ana amasiye.

Sindinena kuti mlimi asiye mbewu ya m'sitolo. Imabereka ndithu, ndipo yapulumutsa mabanja ambiri ku njala. Koma Esau anagulitsa ukulu wake ndi mphodza za tsiku limodzi, ndipo mtundu wa anthu umene usiya kupanga mbewu zake chifukwa za mlendo n'zokoma chaka chino, udzalira pa tsiku limene mlendoyo adzakweza mtengo kapena kusamuka. Chifukwa chake ndipempha aphungu athu kuti pogawa chuma cha boma asaiwale Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka, ndi nkhokwe yosungira mbewu zamakolo. Ndipo inu owerenga, mukagula thumba chaka chino, tembenuzani muwerenge dzina laling'ono la mwini wake kumbuyo, ndipo pambali pa munda wa haibulidi siyani mizere ingapo ya chimanga chamakolo, pakuti mako ndi mako angachepe mwendo.