Mankhwala a Cona Abiseni m'Nsomba

Cona amatithandiza kupha makoswe m'nkhokwe, koma mazira a njoka zam'mimba mwake angalowe mwa ana amene amasewera pa dothi pamene iye amanyera. N'cifukwa cake ayenera kulandira mankhwala a njoka ocokera kwa adokotala a ziweto.

Musamutsegule kukamwa ndi zala, angakulumeni. Bisani piritsi m'kacidutswa ka nsomba yophika yopanda minga, ndipo mum'patse ali ndi njala. Yambani ndi kacidutswa kopanda mankhwala, kenaka kamene kali ndi piritsi. Penyetsetsani kuti wameza, cifukwa ena amalavula.

Panadol musam'patse konse, piritsi limodzi lokha lingamuphe. Akakulumani, tsukani bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo fulumirani kucipatala kuopa ciwewe.