Chifukwa Chake Lole Iwira pa Chitunda

Achikumbi anzanga, nyengo ya malonda ikafika ambiri a ife tipangana ndi mwini lole yakale, monga Bedford, kuti itinyamulire fodya ndi chimanga. Ikawira pa chitunda tsiku la msika lapita, ndipo fodya agona panjira nanyowa ndi mame. Chotero nkwabwino kuti tidziwe mayendedwe a madzi m'kati mwa injini.

Pampu yozunguzidwa ndi lamba wa fani ikankha madzi m'mipata ya m'injini. Atatenga kutenthako apita ku rediyeta, kumene mphepo iwaziziritsa, nabwereranso. Pakhomo potulukira pali kachitseko kotchedwa thermostat. Injini ikali yozizira kachitsekoka kakhala kotseka, ndipo madzi angozungulira m'kanjira kachidule osafika ku rediyeta. Akatentha kufika madigiri 160 kapena 180 a Fahrenheit, monga mwa mtundu wake, katseguka. Koma kakafa kali kotseka, madzi awira m'injini pamene rediyeta iri yozizira. Kukayesa sikuvuta: kaponyeni m'mphika wa madzi pamoto, madzi asanawire kayenera kutseguka.

Amakaniko ena angokachotsa nakataya, nati nthenda yatha. Ine sindivomerezana nawo. M'mainjini ambiri akale a ku Britain, kachitsekoka kakatsegula njira ya ku rediyeta katsekanso kanjira kachidule kaja. Mukakachotsa kanjirako kakhala kotseguka masiku onse, ndipo madzi, monga muwadziwira m'ngalande ya kudimba, atsata kofupika. Ena a iwo sapita konse kukazizira. Ndiponso m'mawa wa mwezi wa June injini ichedwa kufunda, imwa petulo wambiri, niperepeseka msanga. Kakafa, gulani kena ka mtundu womwewo.

Kawirikawiri mlandu suli wa kachitsekoka ai. Lamba wolendewera sazunguza bwino pampu. Madzi a matope otsekereza kumtsinje atseka timachubu ta rediyeta; a mvula ndiwo abwino. Mankhusu ndi njere za udzu zomatirira kutsogolo zitchinga mphepo.

Musapeputsenso chivundikiro cha rediyeta. Kunyanja yamchere madzi awira pa madigiri 212, koma kumtunda monga ku Dedza awira msanga, pafupifupi pa 203. Chivundikiro cha sipuling'i yolimba chipanikiza madzi kuti achedwe kuwira. Chotha mphira chiwalola kutayika.

Ikawira, imani, ndipo musatsegule chivundikirocho kufikira itazizira, pakuti nthunzi itentha nkhope ndi manja. Kuthira madzi ozizira m'injini yotentha kungang'ambe chitsulo cha mutu wake.