Yoga ndi Pemphero la Mkhristu

Alipo Akhristu ena amene anaphunzira yoga pofuna kulimbitsa thupi, koma anaisiya atamva kuti ndi mwambo wa chipembedzo china. Patapita zaka, msana ukayamba kuwawa ndiponso maganizo akamabalalika pa nthawi ya pemphero, mtima umawakokeranso ku zimene anasiya zija. Pamenepo amadzifunsa ngati kubwerera kotereku sikukhala kutumikira ambuye awiri.

Yoga inayambira ku India. Liwuli ndi la chinenero cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limatanthauza kumanga pagoli, monga amachitira ndi ng'ombe zokoka ngolo. Buku lakale la Patanjali limagawa yoga m'magawo 8. Kakhazikidwe ka thupi ndi gawo lachitatu, kapumidwe ndi gawo lachinayi, pamene magawo enawo amanena za makhalidwe, kudziletsa ndi kusinkhasinkha. Cholinga cha zonsezi ndi kumasula mzimu malinga ndi chiphunzitso cha Ahindu. Choncho amene amati yoga ndi masewera chabe sanena zonse.

Mmodzi mwa anthu amene analimbana ndi funsoli anali Bambo Jean-Marie Déchanet, wa chipani cha Benedikito Woyera, amene ankakhala m'nyumba ya amonke ya Saint-André pafupi ndi mzinda wa Bruges ku Belgium. Iwo anali odwaladwala kuyambira ubwana. Atayamba yoga ali akuluakulu, anaona kuti thupi likakhazikika, mpweya n'kumalowa ndi kutuluka mwadongosolo, mtima nawonso umatha kukhala chete pamaso pa Mulungu. Mu 1956 anatulutsa buku lotchedwa La Voie du silence, ndiko kuti njira ya kukhala chete. Anatenga machitidwe a thupi okha, nasiya ziphunzitso za Ahindu. Kwa iwo pemphero linakhalabe kulankhulana kwa cholengedwa ndi Mlengi wake, kudzera mwa Khristu.

Mipingo sigwirizana pa nkhaniyi. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unanena kuti Mpingo wa Katolika sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Mu 1989 Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedikito XVI, anasaina kalata yopita kwa maepiskopi yonena za kusinkhasinkha kwa Chikhristu. Kalatayo inalola kutengako zothandiza, koma inachenjeza kuti bata ndi kutenthera kumene munthu amamva m'thupi akachita zoterezi asakuyese chitonthozo cha Mzimu Woyera. Mu 2020 akuluakulu a Mpingo wa Orthodox wa ku Greece anaikaniratu yoga, nati sigwirizana ndi chikhulupiriro chawo.

Chenjezo la 1989 lija ndilo phata la nkhani. Munthu akapuma pang'onopang'ono, mtima umagunda modekha ndipo minofu imamasuka. Zimenezi zimachitikira wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe. Ndi ntchito ya thupi, ndipo n'zabwino, koma pazokha si pemphero. Zili ngati kusesa m'nyumba poyembekezera mlendo: amene wasesa n'kutseka chitseko, nakhutira ndi ukhondo wa nyumbayo, waiwala chimene anasesera.

N'chifukwa chake Mkhristu wobwerera ku yoga ayenera kuchita mosamala. Asankhe mphunzitsi wonena poyera zimene amaphunzitsa, ndipo asabwereze mawu opembedzera amene sakudziwa tanthauzo lake. Thupi likadekha, atsegule Baibulo kapena atchule dzina la Yesu. Afunsenso nzeru kwa abusa kapena ansembe a mpingo wake, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo chikumbumtima chikamutsutsa, aleke. Zipatso zake zisayesedwe ndi kufewa kwa msana ayi, koma ndi mmene munthuyo akukhalira ndi anzake: ngati wayamba kuleza mtima, kukhululuka ndi kuthandiza osowa. Zimenezi sizioneka tsiku limodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.