Mtengo wa magata suli pa mita pokha

"Mita imodzi ndi zingati?" Chaka chilichonse, dzuwa la Okutobala likafika pachimake ndipo mitambo yayamba kusonkhana, ndimalandira funso limeneli kuchokera kwa eni nyumba ofuna kusintha magata, ngalande zija timapachika m'mphepete mwa denga. Ndikayankha kuti ndibwere kaye ndidzaone nyumba, ena amaganiza kuti ndikufuna kudzayeza thumba lawo ndi maso. Nkhawa yawo ndimaimvetsa. Komatu gata lenilenilo ndi gawo limodzi chabe la ndalama zimene mudzatulutse, ndipo mmisiri wokupatsani mtengo pa foni, denga asanalione, adzabweranso ntchito ili pakati kudzapempha zoonjezera.

Tiyambe ndi madziwo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imasiya lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 12 m'litali ndi 10 m'lifupi imalandira malita 120 pa milimita iliyonse. Chimvula cha mamilimita 50, chomwe si chachilendo mu Januwale, ndi malita 6,000, kapena kuti migolo 30 ya malita 200, ndipo onsewo amatsika m'maola ochepa. Popanda gata amagwera m'tsinde mwa khoma, nkumathovukira pa njerwa. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zootcha zomangira dothi, ndipo khoma lotere limayamba kudyeka pansi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa momwe limagonjera likakhuta madzi masiku angapo. Gata silingaimitse namondwe, koma limateteza khoma ku mvula ya chaka ndi chaka, imene imawononga mwakachetechete.

Ndikafika pamalo, choyamba kuyang'ana ndi kapangidwe ka denga. Nyumba ya 12 ndi 10 ija, ngati denga lake limatsetsereka mbali ziwiri zokha, ifuna magata a mamita 24 ndi kuonjezerapo pang'ono, opanda kona ngakhale imodzi. Nyumba yomweyo, denga likakhala lotsetsereka mbali zonse zinayi, mamita akwera kupitirira 44, kuphatikizapo makona anayi. Madenga amakono a m'maploti atsopano, aja okhala ndi timitu tambirimbiri, ndiye amadya ndalama kwambiri, chifukwa kona iliyonse ndi chipangizo chogula pachokha, ndi nthawi ya mmisiri, komanso ndi malo amene kudontha kumayambira. Pamene madenga awiri akumana, madzi amatsika ndi liwiro moti amalumpha gata laling'ono. Pamenepo pamafunika gata lokulirapo kapena paipi yakeyake.

Chachiwiri, chomwe chimakhumudwitsa eni nyumba ambiri, ndi thabwa la fasiya, limene magata amakhomedwapo. Gata likakhala likudontha kwa zaka, madzi amayenderera kumbuyo kwake nkumanyowetsa thabwalo. Kutsogolo penti amaoneka bwinobwino, koma mukabaya ndi sikuludiraiva imalowa popanda kukakamiza. Matabwa ambiri amene timagwiritsa ntchito ndi a paini, ndipo paini wosathiridwa mankhwala akanyowa, chiswe sichichedwa. Sikuluwu singagwire pa thabwa lofumbwa. Gata la masentimita 12 ndi theka kukula kwake likadzaza limasunga pafupifupi malita 6 pa mita iliyonse, ndipo lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Mzere wa mamita 12 ukatsekeka ndi masamba umalemera makilogalamu oposa 70. Thabwa lowola lisenza bwanji? Ndiye ndikapeza fasiya yatha, ndimanena poyera kuti ntchito ndi ziwiri: ukalipentala poyamba, magata pambuyo. Nthawi zina ngakhale nsonga za mitengo ya denga zimakhala zawola, ndipo izi zimaoneka pokhapokha thabwa likachotsedwa. Mmisiri woona mtima amakuchenjezani zimenezi musanagwirizane, ndipo amalemba mtengo wosinthira mita imodzi ya thabwa padera kuti musadzakangane.

Pa zipangizo, ambiri amasankha pakati pa malata ndi pulasitiki ya PVC. Magata a malata amapindidwa ndi makampani ogulitsa malata, komanso ndi amisiri okhoma zidebe monga a mumsika wa Ndirande, ndipo ena mwa amisiriwa ali ndi luso lenileni. Funso lofunika kuwafunsa ndi la geji. Nambala ikakhala yaikulu, lata ndi lopyapyala: geji 32 ndi yopepuka kuposa 28. Pa denga, lata lopyapyala limapirirako chifukwa madzi amangodutsa. M'gata madzi amachedwa, matope amakhazikika, ndipo dzimbiri limaboola msanga. Ine pa gata sindigwiritsa ntchito lata lopyapyala kuposa geji 28.

Pali chinthu china chimene ngakhale amisiri anzanga ena sachilabadira. Ngati denga lanu ndi la malata opakidwa utoto kufakitale kapena a aluzinki, musaike gata la malata wamba a galivanaizi. Madzi a mvula akamayenda pa denga la galivanaizi amatengako zinki pang'ono, ndipo pofika m'gata amakhala atakhuta. Pa denga la utoto satengapo kanthu, amafika ndi njala yawo yonse nkuyamba kudya zinki ya gatalo, makamaka pamene madontho amagwera. Mukaona timadontho ta dzimbiri tandandalika molingana ndi mizere ya malata, chifukwa chake n'chimenechi. Gata likhale la mtundu umodzi ndi denga, kapena la pulasitiki.

PVC sichita dzimbiri ndipo ndi yopepuka, koma imatanuka ndi kutentha. Chidutswa cha mamita 4 chimatalika ndi mamilimita 7 kapena 8 pakati pa m'mawa wozizira wa Juni ndi masana a Okutobala. N'chifukwa chake zolumikizira zake zili ndi labala ndi mpata woti gata lizisuntha. Wina akamata polumikizira ponse ndi guluu, gata limapindika kapena kung'ambika. Ndipo pulasitiki yotchipa, yosatetezedwa ku dzuwa, imauma nkumasweka pakapita zaka zochepa, makamaka kumadera otentha monga ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja.

Malo amene mtengo umatsitsidwa mobisa ndi pa mabulaketi ndi mapaipi otsitsa madzi. Ine ndimaika bulaketi pa masentimita 60 aliwonse, kotero mamita 24 amadya mabulaketi pafupifupi 40, ndipo mamita 44 amadya oposa 70. Wina akawatalikitsa kufika mita ndi theka, mtengo wake uoneka wabwino, koma gata lidzagwa mimba pakati, madzi nkumadikha, udzudzu nkumaswana pamwamba pa zenera la chipinda chogona. Gata liyenera kupendekera kupaipi ndi mamilimita atatu pa mita iliyonse, ndipo izi zimayezedwa ndi chingwe ndi levulo, osati ndi diso. Paipi imodzi isatumikire gata lopitirira mamita 12. Ndipo funsani kumene madziwo akathere. Paipi yothira madzi pakona ya nyumba ndi yoipa kuposa kukhala opanda gata, chifukwa madzi amene akanamwazika khoma lonse tsopano akukumba malo amodzi pa maziko. Pafunika ngalande ya simenti yowatengera kutali, kapena thanki. Zimenezinso ndi ndalama, ndipo zilembedwe.

Nyumba yosanja imakweza mtengo chifukwa makwerero sakwanira, pamafunika sikafodi. Pamene waya wa magetsi walowera m'nyumba pafupi ndi denga, ntchito imayenda pang'onopang'ono, ndipo musamufulumizitse mnyamata amene wanyamula lata lalitali pamenepo.

Mitengo ya m'makwacha sindiilemba muno chifukwa siikhalitsa. Zitsulo zopangira malata ndi zipangizo zambiri za pulasitiki zimachokera kunja, motero zimatsata ndalama zakunja. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makotesheni olembedwa sabata imodzi m'mbuyomo anasanduka mapepala chabe. Choncho kotesheni ikhale ndi tsiku, ndipo ionetse chilichonse pachokha: mamita a gata ndi geji yake, makona, zotsekera kumapeto, mabulaketi, mapaipi ndi zigongono zake, matabwa, penti, thiransipoti, kuchotsa zakale, ndi malipiro a mmisiri. Ndi pepala lotere mungathe kuyenda nokha m'mashopu a ku Malangalanga kapena ku Limbe nkufananiza. Amisiri awiri akasiyana kwambiri, yang'anani chimene wotchipayo wasiya.

Sikuti gata lililonse lodontha n'lofunika kusintha. Nthawi zambiri ndimapeza masamba a mango ndi matope zitatseka pakamwa pa paipi, kapena bulaketi imodzi itazuka, kapena polumikizira pamodzi patasiyana. Zimenezo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kusintha kumayenera pamene dzimbiri laboola malo ambiri pansi pa gata, pulasitiki yayamba kusweka mukaigwira, kapena thabwa lakumbuyo latha. Ndipo ntchitoyi ichitike mu Ogasiti kapena Seputembala, thabwa likadali louma, penti agwire, amisiri asanapanikizike.

Musanapereke ndalama zomaliza, mmisiri akwere ndi ndowa ziwiri za madzi akathire kumapeto kwa gata, kutali ndi paipi. Inu imani pansi muone ngati polumikizira pakudontha, ndipo muonetsetse kuti madziwo atulukira kumene munagwirizana. Pakapita mphindi khumi akwerenso, ajambule m'kati mwa gata ndi foni, akuonetseni ngati mwatsala madzi odikha.